Buku Lothera Panjira

Linalibe chikuto.
Dzina la mlembi chiswe chinadya kalekale.
M'kabati ya pasukulu yathu ku Salima
linkagona pansi pa mabuku a ulimi wa thonje,
ngati mwana wobwera amene sanamupatse malo pa benchi.

Ine ndi Asiyatu tinalibwereka Lachisanu.
Tinakaliwerengera kusiteshoni,
mumthunzi wa bogi yoiwalika pa njanji,
dzuwa la Okutobala likuwotcha zitsulo
mpaka fungo la girizi kulowerera m'masamba.

Munali mtsikana wakumva nyerere zikamanong'onezana.
Munali kiyi wopezeka m'mimba mwa mlamba,
mapu olembedwa ndi madzi a ndimu
ooneka pokhapokha ukawayandikiza ku koloboyi,
ndi mlambe wokhala ndi chitseko
chotseguka usiku wopanda mwezi basi.
Asiyatu ankawerenga mokweza, ine ndikutsata ndi chala.
Akaphonya mawu ndinkangomusiya
kuopa kuchedwetsa ulendo.

Tsamba 86. Mtsikana uja walowetsa kiyi.
Wapotoza kamodzi, kawiri.
Chitseko chalira.
"Ndipo atasuzumira m'kati, anaona"

Basi.
Kutsogoloko kunali ulusi wokhawokha ndi tizidutswa,
ngati nkhama za mwana wogululuka mano.

Anaba mapeto ndani?
A Kamdambo, osunga makiyi a kabati, anangoti,
"Ndinalipeza choncho, ana inu."
Sitinawakhulupirire. Tinawalemba poyambirira
pa mndandanda wa oganiziridwa, kumapeto kwa kope la masamu.
Wachiwiri anali Lufeyo wa sitandade 8, katswiri wa ndege zamapepala.
Wachitatu a Jafali, alonda,
amene ankapichirira chingambwe
m'pepala lililonse losowa mwini.

Kenako Asiyatu anakumbukira mtedza.
Pa depoti ya mabasi panali mayi wa mpango wobiriwira
wogulitsa mtedza wokazinga
m'timapepala topinda ngati nyanga.
Masabata atatu sitinalawe chigumu pa buleki.
Tambala iliyonse inkathera kwa mayi uja,
mtedza tikumeza osatafuna bwino,
maso ali pa pepala.
Tinapeza mayeso a Chingerezi a munthu amene analephera.
Tinapeza kalata yofunsira ntchito, yonona ndi mafuta.
Tinapeza theka la nyimbo ya pamaliro.
Tsamba 87, ayi ndithu.

Tsiku lomwe inagwa mvula yoyamba, Asiyatu anati,
"Iwe, chitsekotu ndi chotsegula kale.
Tikudikira ndani?"
Tinazula masamba anayi pakati pa kope langa.
Tinakangana mpaka mdima.
Iye ankafuna mzinda wa pansi pa nthaka,
wa misewu ya mchere ndi agalu oyankhula Chiyao.
Ine ndinkafuna bambo anga,
amene anapita ku Joni osalembanso kalata,
apezeke atakhala m'mlambemo, akusoka nsapato,
anene kuti, "Mwachedwatu."
Tinaikamo zonse ziwiri
n'kumata ndi phala la chinangwa.

Chaka chatha ndinapita pasukulupo
kukatenga mwana wa mchemwali wanga, amene anadwala malungo.
Kabati ndi yomweyo, loko ndi wina.
Bukulo ndinalipeza litanenepa.
Masamba athu alimo, achita chikasu,
mphemvu zinadya mbali imodzi ya mzinda wa Asiyatu.
Koma pambuyo pake pali enanso,
ena a pensulo, ena a inki yofiira,
ena omata ndi chingamu.
Wina anajambula ng'ona yovala wotchi.
Wina anaikamo sitima yopita kumwezi kudzera ku Chipoka.
Wina, wa zilembo zing'onozing'ono zopendekeka, analemba kuti,
"Onsewa akunama. M'katimo munali amayi anga."

Ndinakhala kaye pa benchi yaifupi ija,
mawondo ali m'chibwano.
Kenako ndinalibwezera pansi pa mabuku a thonje.

Asiyatu ali ku Nkhotakota tsopano,
amayeza magazi pachipatala, diso lili pa makina tsiku lonse.
Nambala yake ndili nayo.
Sindinamuuzebe za mphemvu zija.